Amalume anga, agogo anga ndi nkhani ya kubadwa mwatsopano

Masiku ano pasukulu pano funso loti "wapulumutsidwa?" likufunsidwa ngati moni. Ku SCOM amafunsa, pa mjigo amafunsa, ngakhale panjira poweruka. Ena amayankha msangamsanga mpaka kutchula tsiku ndi mwezi. Enafe timangoseka n'kusintha nkhani. Ine ndati ndilembeko zomwe ndaona kwathu, poti nkhani imeneyi inakhudza ngakhale sukulu yanga.

Amalume anga ndi amene amandilipirira zonse za kusukulu. Ali ndi dimba la tomato ndi mpiru, ndipo pa ntchito palibe angawapose. Vuto linali kachasu. Tsiku la msika akagulitsa tomato, ndalama sizinkafika pakhomo. Teremu yachiwiri ya Fomu 1 ndinakhala kunyumba sabata ziwiri, anzanga akuphunzira, ine ndikuthirira mbewu zomwe phindu lake ndinkadziwa kale kumene likathere. Amene munali nane kalasi imodzi mukukumbuka, ndinkabwereka makope anu kuti ndikopere manotsi.

Titatha kukolola kunachitika msonkhano wa chitsitsimutso pabwalo la mpira. Amalume anapitako, ena amati anali atalawako kale. Mlaliki ataitana ofuna kulandira Yesu, iwo ananyamuka n'kukagwada kutsogolo. Mudzi wonse unaseka. "Tione ngati afike Khirisimasi," anthu ankatero.

Mukaganiza kuti m'mawa mwake anadzuka nkhope ikuwala, ayi ndithu. Manja ankanjenjemera moti tiyi ankatayikira pa malaya. Mtima wapachala unalipobe, mbuzi zikalowa m'dimba ankakalipa mpaka kumveka kutsidya kwa dambo. Chomwe chinandidabwitsa ndi ichi: atagulitsa tomato woyamba anapita kwa mayi wotcheza kachasu uja kukabweza ngongole yonse. Tangoganizani, munthu wopulumutsidwa kukalipira kachasu! Amayi anadandaula kuti ndalamazo zikanagula feteleza. Amalume anangoti, "Mlongo, ndinamwa ndine, nanga alipire ndani?" Ine ndinakumbuka Zakeyu wa pa Luka 19, wokhometsa msonkho wa ku Yeriko, amene atakumana ndi Yesu analonjeza kupereka theka la chuma chake kwa osauka ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamubera.

Khirisimasi anafika bwinobwino. Koma mu Febuluwale, ku maliro a mnzawo, anamwa. Anabwera usiku akudzandira, ndipo kutacha nkhani inali itafika kale kuchigayo. "Si tinanena!" Ine mtima unangoti myuu, chifukwa chaka chino ndi cha JCE. Lamulungu lotsatira anasamba, anavala jekete lawo lija, n'kukakhala pa benchi yomwe amakhala nthawi zonse, anthu akunong'onezana. Kuchokera pamenepo sanamwenso mpaka lero, ndipo ndalama za mayeso analipira nthawi isanathe.

Ndiye anzanga, tiziti anapulumutsidwa liti? Pabwalo la mpira paja, kapena Lamulungu lija? Kapena atamwa mu Febuluwale chipulumutso chinafufutika ngati choko pa bolodi? Pa Aefeso 2 Paulo akuphunzitsa kuti munthu amapulumutsidwa mwa chisomo kudzera m'chikhulupiriro, ndipo ndi mphatso ya Mulungu, si malipiro a ntchito. Ngati ndi choncho, amalume sanachigule posiya mowa. Kusiya mowa ndi kubweza ngongole zinabwera pambuyo, ngati tomato amene amabereka chifukwa mbewu yagwira. Yakobo 2 ikunenanso kuti chikhulupiriro chopanda ntchito n'chakufa, moti sindikunena kuti munthu azingomwa eti poti chisomo chilipo. Ayi.

Tsono pali agogo anga aakazi. Iwo ndi a CCAP, anaphunzira kalasi ali mtsikana, ndipo Buku Lopatulika lawo linathothoka chikuto kalekale. Sanapitepo kutsogolo pa msonkhano uliwonse. Mnzanga wina anandiuza kuti ngati satha kutchula tsiku, ndiye kuti sanabadwe mwatsopano. Zinandiwawa, chifukwa zaka zonse zomwe amalume ankamwa, amene ankadzuka mbandakucha kuwapempherera ndi agogowo.

Mawu akuti kubadwa mwatsopano amachokera pa Yohane 3, pomwe Nikodemo, Mfarisi komanso mkulu wa Ayuda, anapita kwa Yesu usiku. Iye sanamvetse, mpaka anafunsa ngati munthu wamkulu angalowenso m'mimba mwa amake. Yesu anayerekeza ntchito ya Mzimu ndi mphepo, yomwe timaimva koma sitidziwa kumene ikuchokera. Mutuwo suonetsa Nikodemo akugwada kapena kulira. Timadzamuonanso pa mutu 7 akuuza Afarisi anzake kuti lamulo silimaweruza munthu asanamvedwe. Kenako pa mutu 19, Yesu atafa, ndi iyeyo amene anabweretsa mure ndi aloe n'kuthandizana ndi Yosefe wa ku Arimateya kuika mtembo m'manda. Tsiku lake lenileni ndi liti pamenepa? Saulo zinamuchitikira kamodzin'kamodzi panjira ya ku Damasiko, koma Nikodemo zikuoneka kuti zinatenga nthawi. Ine ndimaona kuti amalume ali ngati Saulo pang'ono, agogo ali ngati Nikodemo.

Tsiku lina tikutong'ola chimanga ndinawafunsa. "Agogo, inu munabadwa mwatsopano liti?"

Anandiyang'ana n'kuseka. "Iwe mwana, tsiku lomwe amayi anga anandibereka sindilidziwa. Ndiye ukuti sindinabadwe?"

Atatero anandiuza kuti ndifulumire, chimanga chifike kuchigayo dzuwa lisanalowe.