Ku Brampton, pepala ndiye moyo

Mukatsika ndeke pa Toronto Pearson mu Canada, Brampton ili pafupi chabe, monga kuchoka pa Kenneth Kaunda Airport kufika mu tauni. Bamaitcha Flower City chifukwa kale bantu kuno benze kulima maluwa maningi. Manje yasintha. Census ya 2021 inapeza bantu opitilira 650,000, ndipo oposa theka ni bochokera ku South Asia, maka maka ku Punjab mu India.

Kwerani basi ya Züm mu Queen Street olo Steeles Avenue, muyang'ane pa windo. Ma plaza yali mbali zonse. Pansi shopu ya samosa, ya kutumiza ndalama, ya mafoni. Pamwamba chikwangwani: study permit, work permit, sponsorship, citizenship. Maofesi aya yachuluka monga tuntemba twa airtime mu komboni. Bana ba sukulu ambiri bakhala mu ma basement, bangapo chipinda chimodzi, ndipo mu Januwale bamayembekeza basi pa chisanu chamene ku Zed sitinaonepo.

Kuno ndiye mumamvetsa kuti pepala limodzi lingakuimike olo kukugwetsa. Mu 2023, bana ba sukulu ochokera ku India banagona panja pa ofesi ya border mu Mississauga, tauni yoyandikana, kukana kubwezedwa kwao. Banalowa mu Canada na makalata ya koleji yabodza yamene agent anabakonzera, ambiri osadziwa. Mu 2024 khoti ku Vancouver inapatsa Brijesh Mishra zaka 3 mu ndende pa nkhani iyi. Kuchokera Disembala 2023, makoleji yamatsimikizira okha kalata iliyonse ku IRCC, ofesi ya boma yoona va immigration.

So imwe bamene mufuna kuyenda, mvelani. Lamulo la Canada likuti munthu wolandira ndalama kuti akuthandizeni afunika kukhala loya wolembetsedwa, notary wa ku Quebec, olo consultant wa laisensi ya College of Immigration and Citizenship Consultants, yamene inayamba mu Novembala 2021. College ili na register pa intaneti. Lembani dzina lake mwekha. Ngati palibe, thawani, olo akhale na ofesi yosalala bwanji mu Lusaka. Consultant weniweni amasaina fomu IMM 5476 na dzina lake. Uja wamene akuti "dzina langa lisaoneke" alibe nanu nchito. Bodza likagwidwa pa fomu yanu, ni imwe bamene bazakanizani kulowa zaka 5, osati iye.

Za ndalama nazo zili poyera. Study permit ni madola ya Canada 150, biometrics 85. Mu Januwale 2024, munenze kufunika kuonetsa 20,635 ya kudya na kugona pamwamba pa fizi ya chaka choyamba, ndipo inakweranso pambuyo pake. Nchito ya kunja kwa sukulu ni maola 24 pa sabata chabe, so osaganiza kuti piece work izalipira fizi yonse.

Kuitana mkazi olo mwamuna wanu nakonso ni udindo: mumasaina kuti muzamusunga zaka 3, olo chikondi chithe pakati. Citizenship ifunika permanent residence na masiku 1,095 mu zaka 5. Chabwino ni chakuti kuchokera 2016 Zambia imalola dual citizenship, so NRC yanu simuzaitaya.

Brampton ni tauni yokoma kudya, chai yotentha na bantu bolimbikira. Koma musanagulitse poloti ya amayi kuti mulipire agent, tengani mphindi 5 muone dzina lake pa register.