Chikukuthamangitsa n'chiyani?

Kwathu kunyanja, kuyambira ku Kande mpaka ku Chintheche, munthu wamkulu sathamanga popanda chomuthamangitsa. Ukamuona ali paliwiro umayang'ana kumbuyo kwake, kuti kaya ndi njuchi, kaya ndi mwini ngongole. Zolimbitsa thupi zathu ndi nkhafi, khasu ndi munsi. Msodzi amene wapalasa bwato usiku wonse kulondola usipa, kapena mayi amene wavuula chinangwa n'kusinja ufa wa kondowole, sasowa womuuza kuti atuluke thukuta.

N'chifukwa chake mwana wa mchemwali wanga, mtsikana wa Fomu 3, atayamba kulawirira mbandakucha kukathamanga mumsewu wa M5, anthu adayamba n'kuseka. Amati watengera azungu oswera pa Kande. Kenaka adayamba kumuyamikira kuti ndi mwana wakhama, wosiyana ndi anzake ogona mpaka dzuwa kuswa mtengo.

Koma khamalo lidafika ndi kumphika komwe. Kondowole adamukana, akuti amanenepetsa. Tiyi wopanda shuga, usipa utatu, basi wakhuta. Galu wa pakhomo ndiye adanona. Tsiku lina mvula itatseka kuyambira usiku, ndidamupeza akudumphadumpha kuchipinda, misozi ili mbwembwembwe.

"Amalume, ndikapanda kuthamanga mtima umagunda ngati ndaba," adatero.

Ife amene tidakula m'zaka za m'ma 1990 tili ndi maso owonongeka pankhani ya kuonda. Tidaika m'manda abale ambiri ndi kaliwondewonde, mankhwala a ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, moti mpaka lero munthu akatha thupi timaganiza chinthu chimodzi chokha. Kunena kuti "mwanenepatu" ndi malonje, ndi chiyamikiro. Ndiye mphekesera zidayenda. Adayezedwa magazi, chifuwa chachikulu, shuga, osapezeka kanthu. Achikulire ena adati walodzedwa. Palibe amene adakayikira kuthamangako, poti nanga wodwala amathamanga?

Nthendayi ili ndi dzina, ngakhale m'Chichewa kapena m'Chitonga tilibe liwu lake. Dokotala wa ku London, William Gull, adaitcha anorexia nervosa mu 1873. Wodwalayo njala amaimva ndithu, koma mantha a kunenepa amaposa njalayo. Kafukufuku amene Walter Kaye ndi anzake adafalitsa ku America mu 2004 adapeza kuti pafupifupi awiri mwa atatu alionse odwala nthenda za kadyedwe zoterezi adavutikapo ndi nthenda ya nkhawa, ndipo kwa ambiri nkhawayo ndiyo idayamba, akadali ana. Apa ndi pamene pagona nkhani. Kuthamanga kumaziziritsadi mtima kwa kanthawi. Munthu wankhawa akazindikira zimenezi amabwerezanso mawa, n'kuonjezera mtunda, mpaka chimene chidali mpumulo chimasanduka ngongole ya katapira: wabweza lero, mawa yachuluka.

Anyamata osewera mpira pamchenga nawonso amathamanga, mwina kuposa iye. Koma mvula ikawalepheretsa amangodandaula pang'ono, n'kupita kukagwetsa mango. Amathamangira chigoli, amathamangira anzawo. Mwana wathu uja ankathamanga kulipira nsima ya dzulo. Msewu ndi womwewo, thukuta ndi lomwelo, koma wina akatha amamva njala n'kudya, wina amawerengera zoti asadye.

Ena mudzati awa ndi matenda a azungu okhuta. Anthu a ku Fiji ankayamikira thupi lodzadza monga ife. Wailesi ya kanema idafika m'dera lina kumeneko mu 1995, ndipo pofika 1998 Anne Becker adapeza kuti atsikana asukulu 11 mwa 100 alionse amene adawafunsa ankadzisanzitsa pofuna kuonda, chinthu chimene padalibe ndi mmodzi yemwe adachitchula poyamba. Ife kanema wathu adayamba mu 1999, ndipo lero zithunzi za matupi osalala zili m'foni ya mwana aliyense, ngakhale ku Usisya kumene galimoto imafika movutikira.

Thandizo tidakalipeza ku St John of God ku Mzuzu. Mlangizi sadayambe ndi za chakudya. Adamufunsa chimene amaopa. Zidatuluka zambiri: mayeso a MSCE, bambo wake amene akuvutikira fizi ku Joni, ndi mnzake wina amene adamutcha "chidyamakanda cha nsima" pagulu. Adamuletsa kuthamanga kaye, poti mtima wa munthu wosadya ukhoza kuima panjira, ndipo adauza mayi ake kuti azidya naye mbale imodzi, osamukalipira, osamuwerengera mbamu.

Papita miyezi isanu ndi itatu. Adabwerera ku netibolo, kumene sungasewere wekha. Kondowole akudya, ngakhale pang'onopang'ono, ndipo masiku ena amaimabe pakhomo la khitchini kufunsa ngati usipawo athira mafuta.