Dzuwa la ku Golomoti ndi batire la azakhali anga

Aliyense amene adatsikapo msewu wa Khwekhwerere akudziwa kuti pamene paja macheza amachepa m'galimoto. Ukangopatuka pa Masasa, kusiya msewu waukulu wa M1, minibasi imayamba kukhotakhota, mabuleki akununkha, amayi ena akupemphera chamumtima. Kuzizira kwa ku Dedza kumatsalira kumtunda, ndipo pofika kumunsi jekete umavula wekha. Kumeneko ndiye ku Golomoti, kuchigwa kotentha, kufupi ndi mphambano ya msewu wochokera ku Salima ndi wopita ku Monkey Bay.

Ndidapitako m'mwezi wa Okutobala kukazonda azakhali anga amene akuvutika ndi miyendo. Nditatsika pamsika ndidakwera kabaza, ndipo mnyamata wopalasayo atamva kuti ndine mlendo adandilambalalitsa pang'ono kuti ndione chinthu chimene chidatchukitsa dera lawo. Kuseri kwa mpanda wawaya kudali mapanelo a sola mizeremizere, ngati munda wolimidwa bwino, onse akunyezimira padzuwa la masana. Padalibe utsi, padalibe phokoso la injini. Mbuzi zimangodya udzu kunja kwa mpanda.

Malo amenewa adayamba kugwira ntchito mu 2022 ndipo amapanga magetsi okwana mamegawati 20. Ali ndi mabatire akuluakulu osunga mphamvu, kuti mtambo ukaphimba dzuwa kapena kukamada magetsi asangoduka mwadzidzidzi. Chaka cha 2021 malo ena aakulu kuposa awa, a mamegawati 60, adatsegulidwa ku Salima. Kufunika kwake tidakuona tonse mu Januwale 2022 pamene namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira pamtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 tsiku limodzi. Magetsi athu ambiri amachokera pamtsinje umodzi womwewo, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, choncho Shire akadwala, dziko lonse limagona mumdima. Kukhala ndi gwero lina la magetsi ndi nzeru ndithu.

Koma nditafika kwa azakhali, dzuwa litalowa, ndidapeza mdima. Mdzukulu wawo wa Sitandade 8 amawerenga pakhonde ndi tochi ya mabatire, ataigwira ndi mano kuti manja atsegule buku.

"Azakhali, nanga sola ija adakugulirani achimwene a ku Joni ili kuti?" ndidafunsa.

"Ili padengapo, mwanawe. Idayaka bwino miyezi ingapo, kenaka idayamba kuzima tikangomaliza kudya nsima. Lero ndiye siyakanso n'komwe," adayankha.

Adandiuzanso kuti atamva pawailesi zoti ku Golomoti kwabwera magetsi a dzuwa, iwo ndi anzawo ankayesa kuti posachedwa mudzi wonse uwala. Palibe adawafotokozera kuti magetsi a kumpanda kuja amalowa m'mawaya akuluakulu a dziko lonse, n'kukayatsa mababu ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Kuti afike m'nyumba ya munthu pamafunika mapolo, thiransifoma, mawaya a m'nyumba ndi ndalama yolumikizitsira. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo amaunikira ndi magetsi oterewa, ndipo ambiri mwa iwo ali m'tauni. Kumudzi chiyembekezo cha anthu chili pa kapanelo kakang'ono ka padenga.

M'mawa mwake tidaitana mnyamata wina amene amameta anthu ndi kutchajitsa mafoni pamsika. Iyeyu sola adaiphunzira poiononga ndi kuikonza yekha. Atakwera padenga adaseka. Panelo idali itakutidwa ndi fumbi komanso zitosi za nkhunda, ndipo kuyambira masana mthunzi wa mtengo wa mango umaigwera. Adati panelo yakuda kapena yokhala pamthunzi imapereka mphamvu yochepa ngakhale dzuwa liswe mtengo. Adaipukuta ndi kansalu konyowa, adaisuntha, n'kuipendeketsa kuti iyang'ane chakumpoto, chifukwa kuno kwathu mbali yaikulu ya chaka dzuwa limadutsa cha kumeneko.

Vuto lalikulu lidali m'nyumba. Wogulitsa uja adalumikiza panelo ku batire mwachindunji, popanda kabokosi kowongolera mphamvu kamene kamaletsa batire kudzadza mopyola muyeso kapena kutheratu. Batire lakenso lidali la galimoto, lomwe ntchito yake ndi kuliza injini kamodzi, osati kuyatsa mababu usiku wonse. Batire lotere ukamalikama tsiku ndi tsiku limafa msanga. Ndalama ya thukuta la ku Joni idathera pamenepo, ndipo wogulitsayo, amene ankangoyendayenda m'misika, sadaonekenso.

Chimene chidandiopsa ndi china. Kuseri kwa khola ndidapeza batire lina lakufa, ana a pamudzipo ataliswa kuti aone za m'kati. M'mabatire amenewa muli asidi wootcha khungu ndi mtovu umene umaononga ubongo wa mwana pang'onopang'ono. Azakhali adadabwa. "Ife timangoyesa chidebe chabe," adatero.

Pobwerera, minibasi ikukwera phiri mwa befu, ndidayamba kuganizira za nyuzipepala ndi mawailesi athu. Nkhani za magetsi a dzuwa timazimva ndithu, koma nthawi zambiri zimakhala za tsiku lotsegulira: akuluakulu atavala zipewa zolimba, lumo lodulira nsalu, mamegawati angati, ndalama zingati. Zikatha apo, atolankhani amakwera galimoto n'kubwerera kutauni. Zambirinso zimalembedwa m'Chingerezi, pamene amene akugula mapanelo m'misika ndi anthu ngati azakhali anga.

Sindikunyoza ntchito ya atolankhani. Mphamvu yawo ndikuidziwa. William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe m'boma la Kasungu amene adapanga makina a magetsi oyendera mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa, akadangodziwika kwawo komweko pakadapanda nyuzipepala kulemba za iye mu 2006. Kuchokera apo adakalankhula ku Arusha mu 2007, buku la moyo wake lidatuluka mu 2009, ndipo kanema wake adaonetsedwa padziko lonse mu 2019. Cholembera chimodzi chidamutsegulira zitseko. Koma anyamata ngati wometa wa pa Golomoti uja alipo m'misika yambiri, ndipo nzeru zawo zikadalembedwa zikadapulumutsa ndalama za mabanja ochuluka.

Pempho langa kwa inu Akonzi, komanso kwa anzathu a mawailesi, ndi loti mutipatseko kangodya kakang'ono m'Chichewa. Mutiuze mmene tingadziwire panelo yabwino, chifukwa chake tiyenera kufuna lisiti ndi chitsimikizo cholembedwa pogula, zimene zimachitika munthu akalephera kulipira sola yangongole ija yolipira pafoni, ndi kumene tingapititse batire likafa. Ndipo pakatha chaka chitsegulireni malo, mubwerereko mukafunse a m'midzi yozungulira kuti chasintha n'chiyani. Mukapita kukajambula mjigo wa sola kapena mapampu othiririra m'dimba ali atsopano, mudzapitenso akadzaonongeka, tione amene amakonza.

Ndisanachoke tidasonkherana ndi achimwene a ku Joni n'kugula kabokosi kaja ndi batire loyenera sola. Batire loswedwa lija tidalichotsa pamene ana amasewera. Usiku womaliza babu lidayaka mpaka tonse tidagona, ndipo mdzukulu uja adawerenga tochi ili m'thumba. Azakhali adamupatsa ntchito yatsopano: Loweruka lililonse, akamaliza kusesa pabwalo, azikwera pamakwerero ndi kansalu konyowa.