AMALUME ANADYA NSIMA KU KABULONGA

Awelengi athu ambili a m'midzi amangomva mbili cabe ya nyumba zodyelamo zapamwamba za mu Lusaka, zija zimene munthu amalowamo atabvala jekete ndi nsapato zopukutidwa. Ine ndinalowamo m'mwezi wa October caka ca 2024, ndipo sindinali ndekha. Ndinali ndi amalume anga, mkulu wa zaka zoposa 80, mlimi wa nshawa ndi cimanga wa m'boma la Katete, amene anabwela ku mzinda kudzaonetsa maso ao ku cipatala.

Tinanyamuka ku Katete m'bandakuca pa basi, kutsata mseu waukulu wa Great East Road, ulendo wa makilomita pafupifupi 500. Tinapyola Sinda, Petauke ndi Nyimba, kumene amai amathamangila basi ndi nthoci m'malicelo. Caka cimeneco cinali ca cilala. Mvula inadula pakati, cimanga cinauma cisanabeleke, ndipo pa 29 February Mtsogoleli wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti dziko lagwa m'tsoka. Nkhokwe zambili zimene tinaziona m'mbali mwa mseu zinali zopanda kanthu. Pa mlatho wa Luangwa, umene unamangidwa mu 1968, madzi anali atathawila pakati, mcenga uli mbee mbali zonse. Amalume anatsika, nagula nsomba zouma ziwili, nazikulunga m'pepala ndi kuziika m'thumba la jekete. Ndinawaseka, osadziwa kuti nsomba zimenezo zidzalowa nafe m'malo a anthu olemela.

Madokotala atatsiliza nchito yao, ndinaganiza zowasangalatsa akuluwo asanabwelele kwao. Anandilela ndi iwo pamene atate anamwalila, ndipo ndalama za sukulu yanga zinacokela m'munda wao wa nshawa za Chalimbana. Ndinasankha nyumba ina yodyelamo ku Kabulonga, dela la nyumba zazikulu za mipanda yaitali. Dzina lace sindilichula.

Bvuto loyamba tinalipeza pa cipata. Ine ndinatsalila m'mbuyo kulipila wa taxi, ndipo amalume anatsogola ndi ndodo yao. Mlonda anawayang'ana kuyambila pa cipewa mpaka ku nsapato, nawauza kuti ogulitsa ndiwo ndi ofuna nchito amazungulila ku khomo la kumbuyo. Amalume sanayankhe kanthu. Anaima cilili mpaka ine ndinafika, ndipo mlonda uja ataona kuti tili pamodzi anatsegula msanga, nayamba kupepesa kwa ine, osati kwa iwo.

Titakhala pansi amalume anati, "Mphwanga, khomo la kumbuyo ndilidziwa ine. Ndinakulila pamenepo."

Acinyamata a lelo sadziwa zimenezi. M'masiku a atsamunda, pamene Chipata inali kuchedwa Fort Jameson, munthu wakuda sanali kulowa m'sitolo kapena m'buchala ya Azungu. Anali kugulila pa kazenela ka pambali, kulandila nyama yokulunga kale imene sanaisankhe. Ndiye cifukwa cace cipani ca African National Congress ca a Harry Nkumbula cinauza anthu kuti aleke kugula m'mabuchala otele, ndipo malemu a Kenneth Kaunda analeka kudya nyama. A Kaunda omwewo anawathamangitsa m'nyumba yodyelamo ya Azungu ku Kitwe mu 1957. Lamulo loletsa tsankho m'malo odyela ndi m'mahotela linabwela mu 1960, kutatsala zaka zinai kuti tilandile ufulu. Ife tinali kukhala pa thebulo limenelo masiku ocepa dziko lisanakondwelele zaka 60 za ufuluwo.

Kunena zoona, malowo ndi okongola. Mathebulo anali pansi pa mitengo, atayalidwa nsalu zoyela, ndipo nyali zinali kuwala ngakhale kuti dela lonse linali mumdima, pakuti caka cimeneco madzi a ku Kariba anacepa kwambili ndipo magetsi anali kuzima maola ambili pa tsiku. Kuseli kwa mpanda jeneleta inali kulila kosalekeza. Patsogolo pa munthu aliyense panali mafoloko awili, mipeni iwili ndi matambula awili. Amalume anaziwelenga zonse ndi cala, nafunsa ngati pali alendo ena amene tili kuwayembekeza.

Tinakhala nthawi yaitali popanda wotifunsa. Anthu a pa thebulo lina amene anafika pambuyo pathu analandila zakumwa zao ife tikali kuyang'ana. Potsiliza kunabwela mtsikana wina wopelekela zakudya, nayamba kulankhula Cingelezi cothamanga. Atamva mau a amalume analeka pomwepo, napinda maondo, nawapatsa moni m'Cinsenga, pakuti kwao ndi ku Petauke. Kuyambila pamenepo zinthu zinasintha. Anawawelengela pepala la zakudya pang'onopang'ono, kumasulila ciliconse, anacotsa mafoloko aja, nabweletsa madzi ofunda m'jagi ndi beseni kuti asambe m'manja monga acitila mwana wolelewa bwino kumudzi. Anali kuwachula "atate" nthawi zonse.

Pepalalo linali ndi zakudya za maiko ambili, za ku Italy, za ku India ndi zina zimene maina ace lilime limakana. Kumapeto kwace kunali kagawo ka zakudya za kuno kwathu, ndipo ndi mmene tinasankhamo.

Coyamba cinali cikanda, tizidutswa tinai toceka bwino pa mbale yaikulu ngati licelo. Cikanda cimapangidwa ndi timizu ta maluwa a m'madambo, tosinja ndi kuphika pamodzi ndi nsinjilo za nshawa, soda ndi tsabola. Kale cinali cakudya ca kumidzi ya kumpoto, koma tsopano cimadyedwa m'mizinda yonse, kotelo kuti timizu take tacepa m'madambo athu ndipo tambili timacokela ku Tanzania. Ici cinali cabwino ndithu, colimba koma cosauma, tsabola wace womveka patali. Amalume anadya tizidutswa titatu, nandisiyila kamodzi.

Nkhuku ya kumudzi ndiyo inawakondweletsa koposa. Anaitembenuza, nayesa fupa ndi mano ao otsala, nabvomeleza kuti inayendadi pabwalo nkhuku imeneyo, si zija za m'khola zimene zimakula m'masabata asanu ndi limodzi. Wophika anaipatsa nthawi yace pamoto, msuzi unali wocepa ndi wokhathamila, wopanda zokometsela zambili zobisa fungo la nkhuku. Pamenepa ndiyenela kuyamika.

Koma cibwabwa cinandikhumudwitsa. Aliyense amene anaonapo amai ace akukonza masamba a maungu adziwa kuti amayamba asenda mitsitsi ya ku mapesi, ndipo ndiwo zotendela zimafuna nsinjilo zokwanila ndi moto wodekha mpaka nshawa zitapsa. Cibwabwa ca ku Kabulonga cinali cobiliwila ngati cangothyoledwa, cokukuta m'kamwa, nsinjilo zace zongowaza pamwamba ngati mankhwala. Mwina alendo a kunja amacikonda cotelo. Amalume analawa kamodzi, nakankhila mbale pambali mwaulemu. Nsomba yanga, imene anati ndi yoweta ya ku Siavonga, inali yaikulu ndi yokazinga bwino kunja, koma mkati munali madzi ndi kuzizila kwa cinthu cimene cagona nthawi m'fuliji.

Nanga nsima? Inabwela mitanda iwili yaing'ono, yoyela mbuu, ya ufa wa m'sitolo, yosalala bwino yopanda mibulu. Mlimi wozolowela mgaiwa angaimalize asanadziwe kuti wayamba kudya. Mtsikana uja anaona yekha, nathamangila ku khichini, nabwela ndi mitanda ina iwili tisanapemphe. Apa m'pamene amalume anatulutsa nsomba imodzi ya pa mlatho wa Luangwa, namufunsa ngati wophika angaiwambe pang'ono pamoto. Ine ndinacita manyazi, ndinafuna kuwaletsa. Mtsikanayo anaseka, naitenga ndi manja awili, ndipo patapita kanthawi inabwela pa mbale yoyela, pambali pace ataikapo kacidutswa ka ndimu.

Pepala la malipilo litafika ndinayesa kulibisa, koma maso atsopano aja anagwila nchito. Pa mtengo wa cakudya anaonjezapo msonkho wa VAT wa 16 pelesenti, ndiponso 10 pelesenti ya nchito ya opelekela, imene lamulo limati iyenela kupita kwa anchito a pamalopo. Amalume sawelengela ndalama m'makwacha, amawelengela m'matumba. Caka cimeneco bungwe la Food Reserve Agency linali kugula thumba la cimanga la makilogalamu 50 pa K330. Anapinda zala, nakhala cete, kenaka anati, "Tadya matumba awili ndi theka, mphwanga, pa caka cimene ine sindinakolole ngakhale asanu." Anafunsanso kuti mwini nkhuku ija kumudzi analandila zingati. Mtsikana uja anati nkhuku zimabwela ndi amalonda, iye sadziwa.

Tisanacoke anamuitana, namufunsa mfumu ya kwao ndi mudzi wa amai ace, napeza kuti anapitako kale ku malilo. Anapisa dzanja m'jekete nampatsa nsomba yaciwili ija, cikulungile m'pepala lace. Iye anagwada polandila.

Pa cipata mlonda yemwe uja anaimilila, nacotsa cipewa. Amalume anaima patsogolo pace, namufunsa kwao. Anati ku Lundazi. Anamufunsa ngati atate ace ali moyo, iye nati alipo, alima thonje. "Akadzabwela kudzakuona," anatelo amalume, "udzawalowetse pa khomo lino." Tinatuluka kukafuna taxi, pakuti basi ya ku Katete inali kunyamuka m'mamawa.