KU LUNDAZI, KUMENE AKRISTU AYEMBEKEZERA WANSEMBE MPAKA MITSINJE IPHWE

Msewu wocokera ku Chipata kulowera kumpoto ufika pa boma la Lundazi munthu atayenda makilomita pafupifupi 180. Alendo ambiri akangotsika basi amafunsa za hotela ija yomangidwa ngati linga la mafumu a ku Ulaya, imene Errol Button, bwana DC wa nthawi ya atsamunda, anayamba kumanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Ife cimene tinayendera ndi cina. Tinafuna kuona m'mene Mpingo wa Katolika ukhalira m'dziko lalikulu cotere, limene midzi iri patalipatali ndipo ansembe ndi owerengeka.

Dziko limene kale lonse linkachedwa Lundazi linagawidwa patatu m'caka ca 2018, ndipo tsopano pali maboma a Lundazi, Lumezi ndi Chasefu. Kumtunda kuli Atumbuka, Angoni ndi Acewa a mfumu yaikulu Mwase, anthu olima cimanga, nshawa, thonje ndi fodya. Kumadzulo dziko litsetsereka kulowa m'cigwa cotentha ca Luangwa. Oyamba kulalika za Cikristu kuno anali amishoni a Livingstonia, ocokera ku Malawi, amene anakhazikika pa Chasefu. Akatolika anabwera pambuyo, ndipo mwa malo awo odziwika pali Lumezi, Kanyanga, Lundazi pa boma, ndi Lumimba kucigwa.

Makwerero a Mpingo

Munthu wocokera ku Chipata ayamba wafika ku Lumezi asanaone boma la Lundazi. Pa mishoni imeneyi pali chalichi, nyumba ya ansembe ndi cipatala cimene cilandira odwala a mipingo yonse. Anaiyambitsa ndi ansembe a cipani ca Missionaries of Africa, amene anthu anawazolowera ndi dzina lakuti Abambo Oyera cifukwa ca mikanjo yao yoyera. Cipani cimeneci anaciyambitsa Charles Lavigerie ku Algiers m'caka ca 1868, ndipo ansembe ake analowa m'dziko lino pa Mambwe Mwela mu 1891.

Malo onga Lumezi amachedwa parishi, ndipo wansembe woyang'anira parishi anthu amamuchula kuti Bambo Mfumu. Maparishi onse a m'Cigawo ca Kummawa ali pansi pa Ambuye Episkopi a ku Chipata, ndipo dera lonse la episkopi mmodzi lichedwa dayosizi. Dera la Chipata linapatulidwa palokha mu 1937, likali ndi dzina lakuti Fort Jameson, ndi kukhala dayosizi yeniyeni mu 1959 pansi pa Ambuye Firmin Courtemanche. Mwana wa kuno woyamba kukhala pa mpando umenewu anali Ambuye Medardo Joseph Mazombwe, amene anadzozedwa mu 1971, nasamukira ku Lusaka mu 1996, nakhala kadinala mu 2010, zaka zitatu asanamwalire. Ambuye George Lungu anasankhidwa mu 2002. Dayosizi ya Chipata iri m'gulu la madayosizi otsogozedwa ndi Arkiepiskopi wa ku Lusaka, ndipo pamwamba pa maepiskopi onse pali Papa ku Roma, amene Akatolika amakhulupirira kuti ndiye wolowa m'malo mwa mtumwi Petro.

Awa ndi makwerero okwera. Koma munthu wofuna kudziwa moyo wa Mpingo ku Lundazi ayenera kutsika nao makwererowo. Pansi pa parishi pali machalichi a m'midzi, ena a njerwa ndi malata, ena a mitengo ndi udzu, amene wansembe amawayendera mosinthanasinthana. Pansi pa machalichi amenewa pali miphakati, ndiko kuti timagulu ta mabanja oyandikana amene asonkhana pakhomo pa mmodzi wa iwo pakati pa sabata kuti apemphere, awerenge Baibulo, ndi kupangana za odwala, za maliro ndi za msonkho wa Mpingo. Miphakati sinabwere mwangozi ai. Maepiskopi a kummawa kwa Africa, m'bungwe lao la AMECEA, anagwirizana pa misonkhano yao ya ku Nairobi mu 1973 ndi 1976 kuti Mpingo umangidwe pa timagulu totere, pozindikira kuti mutu umodzi susenza denga.

Lamulungu lopanda Misa

Pa chalichi ca m'mudzi tsiku Lamulungu liyamba ndi kulira kwa cingerengere ca galimoto copacikidwa pa mtengo, cimene cigwira nchito ya belu. Anthu afika pansi ndi pa njinga, amai atavala zitenje za magulu ao. Nyimbo ziyimbidwa m'Citumbuka kapena m'Cinyanja, ng'oma ndi zisekese zirikulira, pakuti kucokera pa msonkhano waukulu wa maepiskopi wa Vatican II, umene unacitika kuyambira 1962 mpaka 1965, Mpingo unalola kupemphera m'zinenero za eni dziko m'malo mwa Cilatini cokha.

Mlendo angaganize kuti wafika pa Misa, koma masabata ambiri sikhala Misa. Wotsogolera ndi katekisti kapena mkulu wa chalichi. Iye awerengetsa Malembo a tsikulo, afotokoza tanthauzo lake, natsogolera anthu pochula cikhulupiriro cao: kuti Mulungu ndi mmodzi mwa atatu, Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, kuti Yesu Kristu ndi Mulungu ndithu ndi munthu ndithu, wobadwa mwa Maria Virigo, kuti anafa pa mtanda nauka kwa akufa, ndi kuti kuli moyo wosatha. Akafika pamene wansembe akanatenga mkate ndi vinyo, katekisti aima. Pamenepo mphamvu yake yathera.

Cifukwa cake ciri m'ciphunzitso ca masakramenti. Akatolika amati sakramenti ndi cizindikiro cooneka ndi maso cimene Kristu anacikhazikitsa kuti cipereke caulere ca Mulungu cosaoneka. Masakramentiwo alipo 7: Ubatizo, Ulimbitso, Ukaristia, Kulapa, Kudzoza Odwala, Unsembe ndi Ukwati. Lamulo la Mpingo lanena za sakramenti iriyonse kuti woipereka ndi yani, ndipo lamulo limeneli, limene kwa munthu wa m'tauni liri ngati nkhani ya m'buku cabe, kwa munthu wa kumudzi ndilo lipima kutalika kwa kudikira kwake.

Zimene zidikira wansembe

Ukaristia ndiwo mtima wa zonse. Akatolika amakhulupirira kuti pa Misa mkate ndi vinyo zisanduka thupi ndi magazi a Kristu, ndipo wansembe yekha ndiye angathe kucita mwambo umenewu. Mkristu wamba wololedwa ndi episkopi angathe kugawira anzake Ukaristia umene wansembe anaudalitsa kale, ndi kuupereka kwa odwala m'nyumba zao, koma iye mwini sangaudalitse.

Kulapa nakonso kudikira wansembe. Munthu aulula macimo ake mseri, napatsidwa cikhululukiro m'dzina la Mulungu, ndipo wansembe saloledwa konse kuulula cimene wamva, ngakhale kwa mfumu kapena ku khoti. Mpingo ulamula kuti mkristu alape macimo akulu kamodzi pa caka osacepera, ndi kulandira Ukaristia pa nyengo ya Paskha. Mwa ici, tsiku lobwera Abambo pa chalichi ca m'mudzi mzere wa olapa uyamba m'mamawa, ndipo Misa iyamba mocedwa.

Kudzoza Odwala ndi nchito ya wansembe yekhanso. Mafuta ake amadalitsidwa ndi episkopi pa Misa yapadera ya nyengo ya Sabata Loyera, pamodzi ndi mafuta a Ubatizo ndi a Ulimbitso, ndipo ansembe amawatenga kupita nao ku maparishi ao. Motero kabotolo kamene Abambo anyamula pa njinga yamoto kupita kwa gogo wodwala kacokera m'manja mwa Ambuye Episkopi. Ulimbitso, umene ukhwimitsa mkristu wobatizidwa ndi mphatso za Mzimu Woyera, woupereka wake ndi episkopi, ngakhale kuti angathe kutuma wansembe. Tsiku limene Ambuye abwera kudzalimbitsa likhala la cikondwerero, ndipo ana ndi akulu ocokera ku machalichi ambiri asonkhana pamodzi atakonzekera miyezi yambiri.

Kucigwa

Kuti munthu amvetse kulemera kwa malamulo amenewa ayenera kutsikira ku Lumimba. Njira isiya minda ya kumtunda, idutsa m'nkhalango ndi m'zitunda za miyala, nitsikira m'dziko la mitengo ya tsanya, kumene kuli mafumu Chitungulu, Kazembe ndi Mwanya, pafupi ndi nkhalango zosungiramo nyama za Luambe ndi Lukusuzi. M'cirimwe mitsinje ya kuno ndi mcenga wokhawokha, ndipo galimoto ingodutsa. Mvula ikagwa, kuyambira Disembala mpaka ca m'Epulo, mitsinje yomweyo idzaza, dothi lakuda la makande limata magudumu, ndipo midzi ina ikhala ngati zisumbu. Woyenda pansi ayenera kucenjera ndi njobvu panjira ndi ng'ona pamadooko.

M'miyezi imeneyi Krisimasi ipita, nthawi zina ndi Paskha yomwe, anthu a midzi yakutali osaona wansembe. Munthu adwala, akula nao matendawo, namwalira wosadzozedwa. Oika maliro ake ndi a mphakati, katekisti akutsogolera mapemphero, pakuti maliro si sakramenti ndipo mkristu wamba angathe kuwayendetsa. Ici ndi cisoni ceniceni kwa anthu amene anaphunzitsidwa kuyambira ubwana kuti imfa yabwino ndi ya munthu wolapa ndi wolandira Ukaristia. Aphunzitsi a Mpingo amawatonthoza ndi ciphunzitso cakuti munthu womva cisoni ceniceni pa macimo ake cifukwa cokonda Mulungu, ali ndi mtima wofuna kulapa akadzapeza wansembe, akhululukidwa ndithu.

Pali sakramenti imodzi imene mtsinje sungaitsekereze. Ubatizo, khomo la masakramenti onse, mwa nthawi zonse upatsidwa ndi episkopi, wansembe kapena dikoni. Koma munthu akakhala pafupi kufa, aliyense angathe kubatiza, ngakhale mzamba wa m'mudzi, malinga athire madzi pamutu, achule dzina la Atate, la Mwana ndi la Mzimu Woyera, ali ndi colinga cocita cimene Mpingo ucita. Ubatizo wotere ndi weniweni, ndipo mwanayo akacira sabatizidwanso. Dzina lake lingolembedwa m'kaundula wa parishi Abambo akafika. Akulu ofuna kulowa Mpingo ndiwo amene ayenera kuyamba aphunzira. Pa nthawi ya Abambo Oyera oyamba maphunziro a akatekumeni ankatenga zaka 4, ndipo ngakhale pamenepo wowaphunzitsa tsiku ndi tsiku anali katekisti.

Ukwati ndi mwambo wa makolo

Za Ukwati ambiri sadziwa kuti opatsana sakramenti imeneyi ndi mwamuna ndi mkazi eni ake, pamene alonjezana. Wansembe kapena dikoni aima ngati mboni ya Mpingo, pamodzi ndi mboni zina ziwiri. Buku la malamulo a Mpingo la mu 1983 lilolanso kuti ngati palibe njira yopezera woimira Mpingo kwa mwezi wathunthu, awiriwo angathe kulonjezana pamaso pa mboni zokha.

Komabe cimene cibvuta pa ukwati ku Lundazi si mtsinje wokha. Kwa Atumbuka ndi Angoni mwamuna alowola mkazi ndi ng'ombe kapena ndalama, ndipo ana akhala a kucimuna. Kwa Acewa nkhani iri m'manja mwa ankhoswe. Mpingo sukana miyambo imeneyi, koma uphunzitsa kuti ukwati ndi wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi mpaka imfa. Banja limene lakhalira pamodzi lisanadalitsidwe, mwina cifukwa malowolo sanathe, sililandira Ukaristia, ndipo cimodzimodzi mwamuna wotenga mitala. Anthu otere sapitikitsidwa m'chalichi ai. Apemphera ndi anzao, athandiza pa nchito za mphakati, koma pa nthawi yolandira akhala pansi. Nkhani zotere ziyamba zakambidwa ku mphakati, kumene anthu adziwana bwino, zisanafike kwa Bambo Mfumu.

Ansembe a mawa

Sakramenti yotsala ndi Unsembe, umene episkopi yekha ndiye aupereka posanjika manja. Njira yake ndi yaitali. Mnyamata wa ku Kanyanga kapena ku Lumezi angayambire ku seminale yaing'ono ya St. Mary's ku Msupadzi, pafupi ndi Chipata. Akatsiriza sekondale apita ku Emmaus ku Lusaka, kenaka ku Mpima ku Kabwe, ndi kutsirizira ku St. Dominic's ku Lusaka. Si onse oyamba amene afika kumapeto, ndipo ofika kumapeto alonjeza kukhala osakwatira moyo wao wonse. Amishoni a ku Ulaya ndi ku Canada amene anamanga mishoni zoyamba ambiri anakalamba kapena kumwalira, ndipo katundu tsopano ali pa mapewa a ana a mu Africa muno.

Wansembe sameranso ngati bowa. Acokera m'banja la m'mudzi, ndipo pemphero lake loyamba anaphunzira kwa amai ake kapena kwa katekisti pansi pa mtengo wa mango. Njinga yamoto imene ayendera ifuna mafuta, ndipo mafutawo acokera ku zopereka za alimi omwewo, ena atapereka ndalama, ena cimanga, mpunga kapena nkhuku. Mlatho umene ungamufikitse kutsidya m'dzinja ndi womwewo umene ungafikitse namwino, mphunzitsi ndi thumba la feteleza, cotero nkhani ya misewu ya kucigwa ikhudza Mkatolika ndi wosakhala Mkatolika yemwe.

Mitsinje ikayamba kuphwa m'mwezi wa Mei, uthenga uyenda m'midzi wakuti Abambo afika tsiku lakuti. Katekisti aturutsa kabuku kake m'mene walemba zonse za m'dzinja: ana obadwa, obatizidwa ali pafupi kufa, akatekumeni okonzeka, mabanja ofuna kudalitsidwa, nkhalamba zimene sizingathe kuyenda, ndi maina a amene anaikidwa m'manda. Wansembe akatsika pa njinga yake ayamba wakhala pansi ndi kuwerenga kabukuko, pakuti nchito ya masiku awiri kapena atatu amene akhale pamudzipo yalembedwa kale m'menemo ndi dzanja la munthu wa pamudzi pomwepo.