Ndere za ku Durban, chambo cha ku Malombe

Amalume,

Munafunsa za ntchito imene ndikugwira kuno ku Durban. Kuwonjezera pa kusamalira kapinga ndi maluwa, abwana andipatsa udindo woyang'anira nsomba ziwiri za m'nyanja yamchere, zimene akuweta m'thanki yagalasi pabalaza. Si zandiwo ayi, ndi zongosangalatsa maso. Dzina lake ndi clownfish: kutalika kwake sikuposa chala, thupi lachikasu chofiirira, ndi mizere itatu yoyera yodula thupi. Ana kuno amazidziwa chifukwa cha kanema wa Finding Nemo wa mu 2003.

Madzi ake timachita kupanga. Timasefa apampopi ndi makina, kenako n'kusungunulamo mchere wapadera, pafupifupi magalamu 35 pa lita imodzi, ndipo kutentha kwake kuzikhala madigiri 25 kapena 26. Thanki yatsopano imayamba yakhala milungu 4 mpaka 6 yopanda nsomba, kuti mabakiteriya owoletsa zonyansa aswane m'miyala.

Chimene chimandidyera nthawi ndi ndere. Zoyamba kubwera ndi zabulauni, zimayala pamchenga ndi pagalasi. Zikayamba kuchepa, pamiyala pamamera zobiriwira zazitali, zoterera ukazigwira. Kupala kokha sikuthandiza, chifukwa ndere zimanenepa ndi kuwala komanso zotsalira za chakudya. Ndiye ndimapatsa nsomba chakudya chochepa choti zimalize pomwepo, magetsi a m'thanki ndimayatsa maola 8 okha patsiku, ndipo sabata iliyonse ndimachotsa gawo limodzi mwa magawo 10 a madziwo n'kuthiramo atsopano. Muli nkhono zingapo zimene zimayenda pagalasi usiku wonse, m'mawa n'kupeza zasiya tinjira toyera m'kati mwa ndere.

Nsomba zimenezi zili ndi zodabwitsa zake. Zonse zimakula zili ndi chibadwa chachimuna, ndipo yaikulu pagulu ndi imene imasanduka yaikazi. Ikaikira mazira pamwala, yaimuna imawalondera ndi kuwakupiza ndi zipsepse mpaka ataswa. Ndikamaziyang'ana ndimakumbukira tsiku limene munanditsegulira kamwa ya chambo padoko, n'kundionetsa tiana tili piringupiringu m'katimo, kenako munachibweza m'madzi osayankhula kanthu.

Amalume, ndasowa kwathu. Ndasowa Ulongwe masana a Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, minibasi za ku Mangochi zikuima pamsewu wa M3, akabaza akulimbirana makasitomala. Ndasowa fungo la kambuzi woyanikidwa ndi mlamba wowamba pamsika, malambe a m'njira yopita ku Mvuu, ndi migwalangwa ya m'mbali mwa Shire. Kuno nyanja ndi yaikulu yosaoneka tsidya, koma sinandipatsepo ndiwo yoti nditsomphole nayo nsima mtima uli m'malo.

M'masitolo ogulitsa nsomba zoweta ndimapezamo mbuna za ku Nyanja ya Malawi, zimene kwathu zimakhala zikupala ndere pamiyala ya ku Cape Maclear. Ogulitsa amatchula dzina la dziko lathu monyadira, ine n'kungoima pamenepo misozi ili m'maso. Ndere zonga zimene ndimalimbana nazo kuno, kwathu ndi chakudya cha mbuna ndi chambo, chifukwa nyanja imadzisamalira yokha anthu akapanda kuisokoneza.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Inu mumanena kuti kale Nyanja ya Malombe inkadzaza mabwato ndi chambo. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chinali chitasowa, makoka a maso ang'onoang'ono ndi nkacha zitakokolola ana a nsomba pamodzi ndi udzu wa pansi pa nyanja. Mu 1993 boma linayambitsa makomiti a m'madoko kuti asodzi aziteteza nawo nyanjayi, koma chambo sichinabwerere monga kale. Ine kuno ndimayeza madzi a nsomba ziwiri sabata ndi sabata, pamene nyanja imene inatilera tonse tinaikokolola osaipatsa mpata wopuma. Nsomba imakhala ndi moyo malinga ndi m'mene anthu akusungira madzi ake, kaya m'galasi kaya ku Malombe.

Ndikusunga ndalama kuti ndibwere pa Khirisimasi. Mudzanditengere kumsonkhano wa komiti yapadoko, ndikamve zimene asodzi akugwirizana pa nyengo yotseka nyanja, ndipo ndikasonkheko kangachepe. Pakali pano mundiuze mtengo wa kambuzi pamsika ndi ngati mvula yayamba. Mupereke moni kwa azakhali ndi onse kumudzi.

Ine mphwanu.