Dzino Likasiya Kupweteka

Ambiri amene amakhala pampando wanga kuno ku Marávia amafika atagamula kale mlandu. "Adokotala, lizuleni basi." Ena achokera ku Malowera, ena ku Chiputo, tsaya litatupa, tulo atatiiwala. Munthu wotere sayamba wamva za kusunga dzino. Koma ine ndinaphunzira zonse ziwiri, kuzula ndi kusunga, ndipo mtima wanga uli pa kusunga.

Dzino si fupa louma. M'kati mwake muli kamnofu kofewa kokhala ndi mitsempha ya magazi ndi ya ululu, ndipo kuchokera pamenepo timipata topapatiza timatsika m'muzu mpaka ku fupa la nsagwada. Akuluakulu amati m'dzino lobooka muli mphutsi. Mphutsi mulibe, koma tizilombo tosaoneka ndi maso tilimodi. Timadya shuga wotsalira m'kamwa n'kutulutsa asidi amene amafukula dzino pang'onopang'ono. Bowo likafika pa kamnofu kaja, ndi pamene munthu amagubuduka usiku wonse. Kenako kamnofuko kamafa, ululu n'kuleka.

Apa ndi pamene anthu anga amapusitsika. Amati lapola, pomwe lafa. Tizilombo timatsika ndi timipata tija, mafinya n'kuunjikana kunsonga kwa muzu. Nthawi zina amaboola nkhama n'kumatuluka pa kachithupsa, nthawi zina amalowera pansi pa lilime ndi m'khosi mpaka kutseka mpweya. Kutupa kotero kumapha, ndipo sikudikira kuti kuche. Makapisozi a amoxicillin amaphwetsa tsaya kwa kanthawi, koma safika m'dzino lakufa chifukwa magazi salowamonso. Aspirin woika pankhama amangowotcha, madzi a batire ndiye amasiya chilonda choopsa kuposa dzinolo.

Njira yosungira dzino lotere ndi kutsuka muzu, ntchito ya zala ndi kudekha. Ndimabaya jakisoni wa dzanzi, n'kutchinga dzinolo ndi kansalu ka labala kuti malovu asalowe, njira imene Sanford Barnum anayambitsa ku New York mu 1864. Ndikaboola pamwamba, ndimayamba kufufuza khomo la mpata uliwonse. Dzino lakutsogolo kawirikawiri limakhala ndi mpata umodzi wowongoka. La chibwano limakhala ndi itatu kapena inayi, ina yokhota, ina yobisala, ndipo ukaphonya umodzi ntchito yonse yapita m'madzi. Ndimalowetsa tizitsulo toonda ngati singano, kuyambira kakang'ono kwambiri, kupala ndi kutsuka ndi mankhwala a klorini, kupalanso ndi kutsukanso. Maso saona kanthu m'katimo. Chimandiuza ndi chala, pamene kachitsulo kagwira, pamene kakhota, pamene kakana ndipo ndiyenera kubwerera ndisanakathyolere m'kati. Ekisire ndiyo imatsimikiza kuti ndafika kunsonga osapitirira. Ngati muli mafinya, ndimasiyamo mankhwala, n'kumata mongoyembekezera, munthuyo adzabwerenso. Mukauma, ndimadzaza timipata ndi gutta-percha, utomoni wa mitengo ya ku Malaysia ndi maiko oyandikana nalo, n'kumata pamwamba molimba. Dzino limakhala lopanda mtsempha, koma limatafuna chimanga chowotcha kwa zaka zambiri.

Tsono ntchito imeneyi imafuna magetsi osadukiza, ekisire, zida zophikidwa bwino, ndiponso munthu wotha kubwera kawiri kapena katatu. Amene dzino lake lili ndi mizu yovuta ndimamutumiza ku mzinda wa Tete. Ulendowo ndi wautali, umadya ndalama ya chapa ndi ya pogona, ndipo m'nyengo ya dzinja munda sudikira. Ndikakhala ndi bambo wa ana asanu amene dzino lake la chibwano latsala chigoba, sindimunyengerera. Ndimazula, apite akapalire. Kuyamba muzu n'kuusiya panjira n'koipa kuposa kuzula.

Koma akabwera mtsikana wa sukulu amene dzino lakutsogolo linada atagwa pa njinga, pamenepo ndimalimbana ndi makolo. Ndimawauza kuti, "Mayi, mwanayu adzaseka ndi dzino limeneli mpaka kukalamba, musalitaye chifukwa cha ulendo umodzi." Mpata wa dzino lozulidwa sukhala chabe. Oyandikana nalo amapendekera momwemo, loyang'anizana nalo limatalika, fupa limaphwa. Munthu wamkulu ali ndi mano 32 ndipo akatha palibe ena obwera.

Limene limandiwawa kwambiri ndi dzino la chibwano lomera mwana ali ndi zaka 6. Limatulukira kumbuyo popanda lina kugweruka, choncho makolo amaliyesa la ubwana, amati lidzachoka lokha. Ndilo ndimalipeza litawola mwa ana azaka 10 kapena 12, m'badwo wa masiwiti ndi zakumwa zotsekemera za pamsika. Chikhalirecho, bowo likadali laling'ono silifuna makina. Pali njira imene inayambira ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980, yopala chowola ndi tizitsulo ta m'manja n'kumata ndi chomatira chotchedwa glass ionomer, popanda magetsi. Imatheka pa benchi ya sukulu ku Fingoé ngakhale ku Chipera. N'chifukwa chake mayi akabwera ndi dzino lake, ndimapempha kuti mwana amene wamuperekeza ayasamulenso, ndiyang'ane kumbuyo kwenikweni, mbali zonse zinayi.